Tisanagule Nyumba m'Madera Amene Akutukuka Kumene

Masiku ano paliponse pamene antchito a Boma akumana mu mzinda wa Lilongwe, kaya m'chipinda cha aphunzitsi pa nthawi yopuma kaya m'basi yopita ku Capital Hill, nkhani ya malo ndi nyumba sichedwa kubuka. Wina amati mapuloti a ku Njewa akutha, wina amati ku Area 49 mitengo yakweranso, ndipo sipalephera kupezeka wina wochenjeza anzake kuti amene sagula chaka chino sadzagulanso mpaka kalekale. Mtima wofuna kukhala ndi nyumba yakoyako ndi wabwino, ndipo ife tikuuyamikira kwambiri. Koma popeza ndalama zimene munthu amathira pa nyumba ndi thukuta la moyo wake wonse, taona kuti nkoyenera kuti lero tikambirane mofatsa za kagulidwe ka nyumba m'madera amene akutukuka kumene.

Nkhaniyi ikukhudza makamaka inu aphunzitsi ndi inu ogwira ntchito m'maofesi a Boma. Ambiri a inu mwakhala zaka zambiri m'nyumba za sukulu, m'nyumba za Boma kapena m'nyumba za lendi. Nyumba ya sukulu ndi ya sukulu: tsiku lopuma pa ntchito likafika, makiyi amabwezedwa ndipo katundu amakwera galimoto. Ana amene anabadwira ndi kukulira m'tauni salidziwa khasu, ndipo kumudzi kumene makolo anachokera minda inagawidwa kale kwa ena. Chotero ndalama za penshoni zimene munthu amalandira popuma ndizo zimakhala mpata womaliza wopezera pogona, ndipo ndalama zimenezi zimabwera kamodzi kokha. Wamalonda akalakwitsa pogula malo, mawa adzagulitsa katundu wina nabweza zotayikazo. Mphunzitsi wa zaka 60 akalakwitsa alibe kwina kokatenga.

Sitikudabwa kuti maso a anthu ali kumalire a mzinda. Nyumba za ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47 zinapitirira kalekale msinkhu wa malipiro a wantchito wa Boma. Ndiponso mzindawu wakula mofulumira kuposa mmene aliyense ankaganizira. Pa kalembera wa 1966, Lilongwe inali tauni yaing'ono ya anthu osakwana 20,000. Likulu la dziko litachoka ku Zomba mu 1975, kalembera wa 1977 anapezamo anthu pafupifupi 99,000, ndipo wa 2018 anapeza anthu 989,318. Anthu onsewa akufuna pogona, pamene nthaka siswana. Nchifukwa chake nyumba zatambalala motsatira msewu wa ku Mchinji cha ku Njewa ndi Chitipi, motsatira msewu wa ku Bunda, ndiponso kumpoto kupyola Kanengo kulowera ku Lumbadzi.

Nzoona kuti dera limatha kusintha munthu akuona. Bwalo la masewero la Bingu litatsegulidwa ku Area 48 mu 2017, ndipo msewu waukulu wochokera ku Area 49 kudzera ku Area 18 kukafika ku Nyumba ya Malamulo utamangidwa pambuyo pake, ulendo wopita ku City Centre unafupika ndipo nyumba za mbali imeneyo zinayamba kufunidwa ndi anthu ambiri. Chimodzimodzinso msewu wolambalala mzinda chakumadzulo, umene umalumikiza msewu wa ku Bunda ndi wa ku Mchinji, unatsegula malo amene kale anali minda ya chimanga. Amene anagula msanga, nagula mwa dongosolo, lero akusimba lokoma. Ife sitikutsutsa zimenezi, ndipo sitikuuza munthu aliyense kuti apinde manja.

Komatu pali mfundo imodzi imene tikufuna kuti owerenga athu aigwiritse. M'dera lotukuka kumene, mtengo wa malo umathamanga patsogolo pa chitukuko chenichenicho. Wogulitsa amakulipiritsani msewu wa tala umene sunamangidwe, mipopi ya madzi imene sinafike ndi magetsi amene mapolo ake sanaimikidwe. Zinthu zimenezi sizili m'manja mwake, ndipo zikapanda kubwera simungamutengere kukhoti. Chifukwa chake ife tikuti: lipirani chimene mwachiona ndi maso anu ndi chimene mwachitsimikiza ndi chikalata. Zolonjezedwazo zikadzabwera likhale phindu lanu, zikapanda kubwera musakhale mutataya kanthu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mkuyu umenewu uyenera kung'ambidwa ndalama zisanatuluke m'thumba. Pali zinthu zinayi zoyenera kuziyang'ana.

Choyamba ndi chikalata. Malo a mu mzinda wa Lilongwe ali ndi eni ake odziwika mwalamulo. Ena ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, ena ndi a Khonsolo ya Mzinda, ena ndi a bungwe la Malawi Housing Corporation limene linakhazikitsidwa mu 1964, ndipo ena ndi a makampani kapena anthu amene anapatsidwa lizi, kawirikawiri ya zaka 99. Funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti: malowa munapatsidwa ndi yani, ndipo nambala yake ndi iti? Mukalandira yankho musakhutire ndi pepala limene iye wakuonetsani, pakuti masiku ano makina amatha kutulutsa chidindo cha mtundu uliwonse. Pitani nokha ku ofesi ya kaundula wa malo, mukalipire kandalama kofufuzira, ndipo mukalandire yankho lolembedwa. Yankho limenelo lidzakuuzani dzina la mwini wake weniweni, zaka za lizi, ngati nyumbayo inaperekedwa chikole ku banki, ndiponso ngati pali wina amene analembetsa zoletsa kuti isagulitsidwe. Mukatero mukafunsenso ku khonsolo ngati msonkho wa mzinda unalipiridwa, ndi kwa mwini nthaka ngati lendi ya nthaka ilibe ngongole, chifukwa ngongole zotere zimatsatira nyumba ndipo zidzagogoda pa khomo panu. Safunsa anadya phula.

Vuto lalikulu lili kumalire kwenikweni, kumene mzinda ukukumana ndi midzi ya mafumu monga Njewa, Tsabango ndi Chitukula. Kumeneko malo ambiri amagulitsidwa ndi kakalata kolembedwa pa pepala la m'kope, kosainidwa ndi nyakwawa ndi mboni ziwiri. Ife timawalemekeza mafumu, ndipo tikudziwa ntchito yaikulu imene amagwira posunga bata m'midzi. Koma lamulo la mafumu la 1967 silipatsa mfumu mphamvu m'kati mwa malire a mzinda popanda chilolezo cholembedwa cha khonsolo, ndipo kunja kwa malirewo lamulo la malo a makolo la 2016 linaika udindo woyang'anira malo m'manja mwa makomiti okhala ndi mamembala osankhidwa ndi anthu a m'mudzi. Tikumbukirenso kuti munda wa banja uli ndi eni ambiri. Malume angagulitse lero, mawa mbumba nkutulukira kunena kuti sinafunsidwe. Makhoti athu amva milandu yambiri ya puloti imodzi imene inagulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu, aliyense ali ndi kakalata kake ndi mboni zake. Wogula malo otere akumane ndi banja lonse masana dzuwa likuswa mtengo, akafunse ku ofesi ya za malo ya khonsolo ya boma la Lilongwe, ndipo ayambe nthawi yomweyo ntchito yowalembetsa mwalamulo.

Nyumba ya masiye nayo imafuna kusamala kwapadera. Malinga ndi lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye, mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo pamodzi ndi ana ake ndiwo oyamba kuganiziridwa, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu. Munthu wogulitsa nyumba yotere ayenera kuonetsa kalata ya khoti yomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Mukagula kwa mchimwene wa malemu chifukwa chakuti watsitsa mtengo ndipo akufuna ndalama mwamsanga, mwalowa nawo m'gulu la olanda ana amasiye, ndipo tsiku lina anawo adzakula nabwera ndi loya. Tiwonjezerenso kuti malamulo a malo atakonzedwanso mu 2022, kugulitsa malo a lizi amene sanamangidwepo kanthu kunaletsedwa. Choncho wokutsatsani puloti ya lizi yopanda ndi maziko omwe angakhale akukulowetsani m'mavuto, ndipo nkwanzeru kufunsa wodziwa malamulo musanapereke ngakhale tambala imodzi.

Zikalata zikakhala bwino, itanani saveya wovomerezeka kuti adzakuonetseni mabikoni onse a malowo, pakuti chala cha wogulitsa chimaloza patali kuposa pamene malire ali. Ndalama zidzere ku banki ndipo zipite m'dzina la mwini wake amene walembedwa m'kaundula. Madobadoba amathandiza kulozera kumene kuli nyumba yogulitsa, koma dobadoba alibe ofesi, ndipo lamya yake imasiya kuyankhidwa tsiku lomwe walandira ndalama. Mgwirizano ulembedwe ndi loya, chilolezo cha mwini nthaka chosinthira umwini chitengedwe, ndipo dzina lisinthidwe m'kaundula mosazengereza. Pali anthu amene akhala zaka khumi m'nyumba imene anailipira yonse koma ikadali m'dzina la wogulitsa. Wogulitsayo akamwalira, kapena akakatengera ngongole pa chikalata chomwecho, mlandu umakhala wa wogula. Ndipo ngati bambo ndi mayi anasonkherana pogula, maina a onse awiri alembedwe, kuti mmodzi akatsogola wotsalayo asadzathamangitsidwe ndi achibale.

Chachiwiri ndi nthaka. Mapuloti ambiri amagulitsidwa m'chilimwe, udzu utapsa, pamene dambo ndi mtunda zimaoneka chimodzimodzi. Munthu wanzeru amakaona malo mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ikugwa, nayang'ana kumene madzi amadzera ndi kumene amaima. Afunse anthu okhala pafupi, makamaka amayi amene amatunga madzi ndi kuperekeza ana kusukulu, chifukwa iwo alibe chimene akugulitsa. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira nuononga nyumba ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo, ndipo madziwo sanasankhe pakati pa nyumba ya zidina ndi ya mpanda wautali. Phunziro lowawa koposa linachokera ku Blantyre mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche nakwirira nyumba za ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Puloti ya m'mbali mwa mtsinje kapena yotsamira phiri imatsika mtengo pa chifukwa, ndipo chifukwacho chimaoneka usiku umodzi wokha.

Nthaka ingakhale youma koma yoletsedwa. Pali malo amene anasiyidwira msewu, ngalande, sukulu, msika kapena mawaya akuluakulu a magetsi, ndipo womangapo amakhala akudikira tsiku limene chigalimoto chogumula chidzafike. Lamulo la 2016 la mapulani a chitukuko linaika dziko lonse pansi pa dongosolo la mapulani, kotero kuti kumanga popanda chilolezo si nkhani yoti munthu angadzikhululukire ponena kuti ali kumudzi. Wogula nyumba yomanga kale afunse mapulani ovomerezeka, ndipo atenge mmisiri wodalirika kuti akayang'ane maziko, ming'alu ya m'makoma, matabwa a denga ndi mawaya a magetsi. Nyumba zambiri za m'madera atsopano zinamangidwa mothamanga ndi cholinga choti zigulitsidwe, simenti yochepa, mchenga wambiri, penti wonyezimira. Ndalama yolipira mmisiri tsiku limodzi ndi yochepa poyerekeza ndi yokonzera khoma logwa.

Chachitatu ndi zofunika pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Munthu sakhala m'makoma okha. Musakhulupirire mawu akuti madzi abwera posachedwa. Pitani ku Lilongwe Water Board mukafunse pamene paipi yaikulu yalekezera ndi mtengo woikokera kufika pa puloti yanu. Ku ESCOM mukafunse chimodzimodzi za thiransifoma ndi mapolo. Kumene kulibe mipopi anthu amakumba zitsime, ndipo pa mapuloti ang'onoang'ono chitsime cha wina chimakhala pafupi ndi chimbudzi chokumba cha mnzake. Sitinaiwale kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri. Muwerengerenso mayendedwe. Ngati kuchoka pa nyumba kufika pa ntchito kukufuna kabaza ndi maminibasi awiri, m'mawa ndi madzulo, kwa bambo, mayi ndi ana, ndalama imene mumaganiza kuti mwapulumutsa pa lendi idzathera pa msewu. Muonenso mtunda wopita ku sukulu ndi ku chipatala, ndipo mudzifunse ngati galimoto ingafike pa khomo usiku wa mvula pamene mayi woyembekezera kapena mwana wadwala.

Chachinayi ndi thumba lanu. Kale wantchito ankapita ku New Building Society, imene inayamba mu 1964 nisanduka banki ya NBS mu 2004, kukatenga ngongole ya nyumba yobweza pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Mabanki amaperekabe ngongole zotere, koma chiwongoladzanja ndicho chimathyola msana. Mu 2024 Banki Yaikulu ya dziko inaika chiwongoladzanja chake pa K26 pa K100 iliyonse, ndipo mabanki obwereketsa anthu amawonjezapo pamwamba. Aphunzitsi a masamu atithandize kuwerengera. Tiyerekeze kuti munthu wabwereka K10,000,000 pa chiwongoladzanja cha K30 pa K100 iliyonse pa chaka. Chiwongoladzanja cha chaka choyamba chikhala pafupifupi K3,000,000, ndiye kuti K250,000 mwezi uliwonse, ngongole yeniyeniyo isanakhudzidwe. Aliyense ayerekeze chiwerengero chimenechi ndi malipiro amene amapita nawo kunyumba. Chiwongoladzanja cha banki chimatha kukwera ngongole ili m'kati, ndipo wolephera kubweza amalandidwa nyumba imene anaipereka chikole. Za katapila sitinenanso zambiri: womangira nyumba ndalama za katapila akumangira mwini katapilayo.

Amene asankha kugula puloti kuti amange okha akumbukire kuti mtengo wa zipangizo suyembekezera munthu. Mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndi magawo enanso 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonse ziwirizi simenti, malata, zitsulo ndi magalasi zinakwera mtengo. M'madera atsopano muli nyumba zambiri zazikulu zimene zinaima pa lintala, udzu utamera m'zipinda, chifukwa mwini wake anajambulitsa pulani ya zipinda zisanu ali ndi ndalama za zipinda ziwiri. Ife tikulangiza pulani yaing'ono yokhoza kuwonjezeredwa. Mangani zipinda ziwiri, folerani, lowani, ndipo ndalama ya lendi isanduke ya njerwa. Mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama a SACCO athandiza antchito ambiri kumanga mwa njira imeneyi. Tsokonombwe anatha mtunda nkudumpha. Powerengera, musaiwale malipiro a loya, a saveya, msonkho wa chidindo, chilolezo cha mapulani ndi zolumikizira madzi ndi magetsi, pakuti zimenezi zikaphatikizidwa sizikhala ndalama zochepa.

Tsopano tinenepo za anthu amene ogula amawapeza kumeneko, chifukwa dera lililonse limene likutchedwa latsopano linali kale mudzi wa anthu ena. Mlimi wa kumalire a mzinda akagulitsa munda amalandira ndalama zimene sanazionepo chibadwire, koma ndalama zimatha pamene munda ukanadyetsa ana ndi adzukulu. Pakapita zaka zochepa timamupeza ali mlonda pa geti la nyumba yomangidwa pamene iye ankalima. M'madera ngati Mtandire, amene ayandikana ndi Area 47, ndi Kauma, amene ayandikana ndi Area 12, mitengo ya malo ikakwera lendi nayonso imakwera, ndipo wolendetsa wosauka amakankhidwira kutali ndi kumene amapeza maganyu. Wogula sangathetse vutoli yekha, koma angapewe kulikulitsa. Apereke mtengo woyenera, osapezerapo mwayi pa maliro kapena matenda a m'banja la wogulitsa. Asatseke ndi mpanda njira imene anthu akhala akudzera popita kumjigo, kusukulu kapena kumanda. Mpanda wautali suteteza nyumba monga amaitetezera mnansi amene mumapatsana naye moni.

Pano tikutembenukira kwa inu akuluakulu a m'maofesi, chifukwa ena a inu ndinu ogula, komanso ndinu amene mumasunga kaundula, kuvomereza mapulani ndi kugawa mapuloti. Likulu latsopanoli pomangidwa, bungwe la Capital City Development Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1968 ndi kuthetsedwa mu 1984, linkayamba ndi pulani. M'madera monga Area 25 misewu inkalambulidwa ndi mapuloti kupimidwa, ndipo munthu ankapatsidwa malo oti amangepo malinga ndi mphamvu zake. Ntchito imeneyo inali ndi zowawa zake, pakuti midzi inasamutsidwa, koma dongosolo lake lakuti msewu uyambe nyumba zitsatire linali lolondola. Masiku ano m'madera ambiri nyumba ndizo zimayamba, ndipo msewu umadzafunafuna podutsa pakati pa mipanda. Lipoti la UN-Habitat la 2011 linaonetsa kuti pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse mu Lilongwe ankakhala m'madera osakonzedwa mwa pulani. Kukokera mipopi ndi misewu m'dera lodzaza kale kumadya ndalama zambiri, chifukwa pamafunika kugumula ndi kulipira chipukutamisozi. Pulani yaikulu ya mzinda imene inalembedwa mothandizidwa ndi dziko la Japan mu 2010 inapangidwira kugwiritsidwa ntchito, ndipo malire a mzinda ndiwo akuifuna koposa.

Tikupempha tsono zinthu zomveka. Mapuloti opimidwa, okhala ndi misewu ndi madzi, aperekedwe ochuluka ndi pa mtengo umene mphunzitsi ndi namwino angaukwanitse, pakuti munthu amapita kwa dobadoba atatopa kudikira pa mndandanda umene susuntha. Mndandandawo ukhale poyera kuti aliyense aone amene wapatsidwa ndi chifukwa chake. Kufufuza m'kaundula ndi kusintha dzina kuchitike m'masiku odziwika, popanda fayilo kusowa mpaka mwini wake atapereka ya fanta. Khonsolo ya Mzinda ndi khonsolo ya boma la Lilongwe zigwirire ntchito pamodzi kumalire, kumene mbali imodzi ya msewu ndi mzinda pamene mbali ina ndi mudzi. Malo a masukulu, zipatala, misika ndi mabwalo a masewero aikidwe mabikoni anthu asanadzaze, ndipo oyendera zomangamanga aletse womanga pa dambo ali pa maziko, osadikira kuti afolere. Wantchito wa Boma amene amadzigawira mapuloti m'maina a achibale, kapena amene amapereka puloti imodzi kwa anthu awiri, akuba kwa antchito anzake, ndipo malo ake ndi pamaso pa bungwe lothana ndi ziphuphu ndi khoti.

Aphunzitsi nanunso muli ndi gawo lanu. M'dera latsopano mphunzitsi ndiye amapemphedwa kuwerenga kalata, kulemba mgwirizano ndi kukhala mboni. Musasaine ngati mboni pa malonda a malo amene simukuwadziwa, pakuti dzina lanu ndilo limachititsa wogula kukhulupirira. Aphunzitsi aakulu aonetsetse kuti malo a sukulu zawo ali ndi chikalata ndi malire odziwika, chifukwa mitengo ya malo ikakwera bwalo la mpira la ana ndilo limayamba kudyedwa m'mbali. Ndipo amene mwalowa kale m'madera amenewa, yambitsani makomiti a anthu okhalamo. Mutu umodzi susenza denga: kalata yopempha thiransifoma yosainidwa ndi mabanja zana imamveka kuposa ya munthu mmodzi, ndipo ngalande, mlatho waung'ono ndi chitetezo cha usiku ndi zinthu zimene anthu ogwirizana amazikwanitsa. Dera limatukuka pamene okhalamo alipira msonkho wawo ndi kufunsa khonsolo, kudzera mwa khansala wawo, chimene msonkhowo wachita.

Pomaliza, tikubwereza kuti kugula nyumba m'dera lotukuka kumene ndi chinthu chabwino, ndipo kwa antchito ambiri ndi njira yokhayo yotsala. Chimene tikuchenjeza ndi phuma. Wogulitsa woona sakwiya mukamuuza kuti mupite kaye ku kaundula. Amene akuti ndalama zifike lero chifukwa mawa kukubwera wogula wina, musiyeni agulitse kwa winayo. Kutaya mwayi wa puloti imodzi nkopepuka poyerekeza ndi kutaya penshoni ya zaka makumi atatu. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tengani mwezi umodzi kapena iwiri, kafufuzeni chikalata, kaoneni malowo mvula ikugwa, kafunseni za madzi ndi magetsi, khalani pansi ndi a kunyumba kwanu muwerengere ndalama, ndipo pokhapo mulipire.